Ndalama zothandiza ovutika pa nthawi ya Covid-19: chifukwa chiyani kwina zinachepetsa umphawi pamene kwina zinafika mochedwa?

Pa 17 Epulo 2020, kutatsala tsiku limodzi kuti m'bindikiro wa masiku 21 uyambe m'Malawi, Khoti Lalikulu ku Lilongwe linaletsa boma kutseka dziko. Omwe anakasuma, a bungwe la Human Rights Defenders Coalition, ankati boma silinakonze chilichonse chothandizira anthu amene amadya zomwe apeza tsiku lomwelo. Mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu anali atalowa kale mumsewu kukana kutsekeredwa m'nyumba. Pa 28 Epulo, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi, ndalama yofanana ndi malipiro otsikitsitsa a wantchito pa nthawiyo. Ndalamazo zinadzayamba kulowa m'mafoni a anthu kumayambiriro a 2021, boma litasintha kale.

Miyezi pafupifupi 10 imeneyo ndi imene ikufunika kuimvetsa. Mayiko pafupifupi onse analengeza thandizo mu 2020. Chimene chinasiyanitsa mayiko amene umphawi unatsika ndi amene unakwera ndi zinthu zimene zinalipo mliri usanafike: kaundula wa mabanja, ziphaso za unzika, njira yotumizira ndalama, ndi thumba lotapamo.

Mliri umasaukitsa anthu ena, osati okhawo amene timawadziwa

Chilala chimagunda mlimi, ndipo chimapereka chizindikiro. Mvula ikadula mu Januwale, aliyense amadziwa kuti pofika Okutobala nkhokwe zikhala zitagona, choncho boma ndi mabungwe amakhala ndi miyezi yokonzekera. Covid-19 inabwera mosiyana. Inagunda kaye m'tauni, ndipo inagunda malipiro a tsiku ndi tsiku: wa kabaza, mayi wa mandasi pageti ya sukulu, wogulitsa kaunjika, kondakitala wa minibasi, mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba, mphunzitsi wa sukulu ya pulayiveti amene malipiro ake amachokera ku fizi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, onse amene amadyera pa sukulu anakhala chimanjamanja sabata yomweyo.

Bungwe la ILO, loona za antchito padziko lonse, linati mu 2018 mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito mu Africa, oposa 85 ali pa ntchito zosalembedwa. Alibe penshoni, alibe inshulansi ya ulova, ndipo bwana wawo, ngati alipo, sapereka tchuthi cholipidwa. Lipoti la bungwe lomweli la 2020 mpaka 2022 linapeza kuti anthu oposa 4 biliyoni padziko lonse analibe chitetezo cha mtundu uliwonse kuchokera ku boma, ndipo mu Africa amene ankalandira thandizo ngakhale limodzi anali 17 okha mwa 100. World Bank inawerengera kuti mu 2020 mokha anthu pafupifupi 70 miliyoni anagwera mu umphawi wadzaoneni, wa ndalama zosakwana madola 2.15 patsiku.

Banja likataya malipiro, limatsika pang'onopang'ono ndipo njira yake imadziwika. Limayamba ndi kuchepetsa ndiwo, kenako nsima yamasana imatha. Mpamba wa geni umadyedwa. Ngongole ya banki m'khonde ikalephereka, amathamangira kwa akatapila. Pamapeto amagulitsa njinga, makina osokera, mbuzi kapena malata, ndiye kuti agulitsa chomwe chikanawadzutsa mliri ukatha. Phindu lenileni la thandizo lofika msanga lili pamenepa, chifukwa limaimitsa banja lisanafike pogulitsa zida zake zogwirira ntchito. K35,000 yofika njinga isanagulitsidwe ndi K35,000 yofika itagulitsidwa ndi ndalama zofanana papepala, koma yachiwiriyo siyigula njinga ina.

Kaundula amene analipo anali wa kumudzi

Malawi sinali yopanda kanthu. Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, anayamba mu 2006 ngati ntchito yoyesera ku Mchinji, ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Mliri umafika n'kuti mabanja pafupifupi 290,000 akulandira. Malamulo ake pa nthawiyo anali okhwima: banja linayenera kukhala losaukitsitsa komanso lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, kutanthauza kuti mulibe wazaka 19 mpaka 64 wathanzi, kapena alipo mmodzi koma akusamalira anthu oposa 3. Ankatenga mabanja 10 okha mwa 100 alionse m'dera. Ambiri mwa olandirawo ndi agogo olera ana amasiye, anthu a ulumali, odwala matenda amgonagona ndi ana olerana okhaokha.

Tsopano yerekezani ndi munthu amene Covid-19 inamugwetsa. Ndi wazaka za m'ma 30, wathanzi, amakhala nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi, ndipo mu Febuluwale 2020 sanali wosaukitsitsa. Pa mfundo iliyonse ya Mtukula Pakhomo amalephera. Kaundula wamkulu wa mabanja osauka, amene amatchedwa UBR, anali atalembedwa m'maboma a kumudzi, mizinda inayi ikuluikulu isanalowemo. Boma linkadziwa mayina a agogo a ku Nsanje ndi ku Chitipa, koma linalibe mndandanda wa anthu a kabaza a mu Blantyre.

Akatswiri amasiyanitsa njira ziwiri zokulitsira thandizo pakagwa ngozi. Yoyamba ndi kuwonjezera ndalama kwa amene akulandira kale. Iyi ndi yosavuta, chifukwa mayina, malo olipirira ndi ogwira ntchito alipo kale. Malawi inachita zimenezi, powonjezerako ndalama kwa miyezi ingapo ndi kulipiriratu miyezi ina kuti anthu asamasonkhane pafupipafupi. Yachiwiri ndi kulowetsa anthu atsopano, ndipo apa m'pamene mayiko ambiri osauka anapunthwa. Ntchito ya m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba inadzafuna kufikira mabanja pafupifupi 199,000, kuposa 172,000 amene analengezedwa aja, ndi K35,000 pamwezi kwa miyezi 3, ndalama zonse pamodzi pafupifupi K21 biliyoni. Aliyense wa mabanja amenewo anayenera kupezedwa, kulembedwa ndi kutsimikiziridwa kuyambira pachiyambi, pakati pa mliri, m'chaka chimenenso munali chisankho chobwereza cha pulezidenti cha pa 23 Juni. Mayiko othandiza samasuka kutulutsa ndalama zogawira anthu pa nthawi ya kampeni, ndipo sitingawadzudzule kwambiri pa zimenezo.

Amene anathamanga anathamanga ndi chiyani

Togo ndi dziko losauka, koma pulogalamu yake ya Novissi inayamba kulipira mu Epulo 2020, itakonzedwa m'masiku pafupifupi 10. Chinsinsi chake chinali kaundula wa chisankho. Dzikolo linali litangovota mu Febuluwale, ndipo polembetsa mavoti munthu aliyense anatchula ntchito yake ndi kumene amakhala. Wofuna thandizo ankangoimba *855# pa foni wamba yamabatani, n'kulemba nambala ya chiphaso chake chovotera. Kompyuta inkaona ngati ntchito yake ndi yosalembedwa komanso ngati amakhala m'dera limene latsekedwa, ndipo ndalama zinkalowa m'foni. Amayi ankalandira 12,250 CFA pamwezi, abambo 10,500, ndipo zinkaperekedwa theka masabata awiri alionse. Ulendo woyamba unafikira anthu oposa 500,000. Chosangalatsa n'chakuti pamene anthu ankatchula ntchito zawo kwa olemba mavoti sankadziwa kuti zidzakhudza ndalama, choncho panalibe chifukwa chonamizira.

Brazil inali ndi Cadastro Único, kaundula wa mabanja osauka amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri pa Bolsa Família, pulogalamu ya boma yothandiza mabanja osauka. Pulogalamu ya thandizo la mliri yotchedwa Auxílio Emergencial inayamba mu Epulo 2020 ndi 600 reais pamwezi, ndipo mayi wolera yekha ana ankalandira 1,200. Amene sanali m'kaundula ankalembetsa pa foni kudzera ku banki ya boma ya Caixa. Anthu pafupifupi 68 miliyoni analandira, ndipo dzikolo linawononga pafupifupi 4 peresenti ya chuma chake chonse cha chaka chimenecho. Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri: m'chaka chimene chuma chinagwa ndiponso anthu ankafa miyandamiyanda, chiwerengero cha osauka ku Brazil chinatsika.

Ku South Africa m'bindikiro unayamba pa 27 Malichi 2020, ndipo kafukufuku wa NIDS-CRAM anapeza kuti mabanja 47 mwa 100 anasowa ndalama yogulira chakudya mu Epulo. Boma linawonjezera R300 pa mwana aliyense wolandira thandizo mu Meyi, kenako R500 kwa wolera ana kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndi R250 pa ndalama za okalamba ndi a ulumali. Zimenezi zinayenda msanga chifukwa bungwe la boma la SASSA, lopereka ndalama zothandiza ovutika, linkalipira kale anthu mamiliyoni mwezi uliwonse. Thandizo latsopano la R350 la anthu opanda ntchito linavutirapo poyamba, koma pofika kumapeto a chaka linkafikira anthu pafupifupi 6 miliyoni, amene analembetsa pa WhatsApp ndi pa foni popanda kukaima pamzere ku ofesi.

India inadalira chakudya. Anthu pafupifupi 800 miliyoni amene anali kale ndi makadi ogulira chakudya chotsika mtengo anawonjezeredwa makilogalamu 5 a mpunga kapena tirigu aulere pa munthu mwezi uliwonse, ndipo amayi pafupifupi 200 miliyoni analandira 500 rupees pamwezi kwa miyezi 3 m'mabuku awo a ku banki. Amene anaphonya anali aganyu osamukira m'mizinda, chifukwa makadi awo ankagwira ntchito kumudzi kwawo kokha. Ambiri anayenda wapansi makilomita mazanamazana kubwerera kwawo.

Kuchoka pa chilengezo kufika m'thumba la munthu

Pulezidenti akalengeza pa wayilesi, anthu amaganiza kuti chatsala n'kutumiza basi. Zoona zake n'zakuti pali ntchito zingapo zotsatizana, ndipo iliyonse ili ndi pothinira pake.

Poyamba amasankha madera. M'mizinda ya Malawi anatenga malokeshoni othithikana kumene osauka ndi ambiri, m'malo moyeza umphawi wa banja lililonse, chifukwa kuyeza koteroko kumafuna kufunsa mafunso ambiri pakhomo lililonse ndipo kumadya miyezi. Njirayi ndi yachangu koma ili ndi mtengo wake. Mlonda amene amagona m'kanyumba ka kuseri ku Area 10 kapena ku Namiwawa amasiyidwa chifukwa dera lake limawerengedwa ngati la olemera, pamene landilodi wa nyumba zisanu m'lokeshoni akhoza kulowa ngati olemba sanasamale.

Kenako olemba mayina amayenda khomo ndi khomo ndi matabuleti, motsogozedwa ndi mafumu a m'tauni ndi makomiti a m'dera. Vuto loyamba n'lakuti masana anthu ofunikawo kulibe, apita kukasaka. Lachiwiri ndi loti "banja" m'tauni n'lovuta kulitanthauzira: pa puloti imodzi pamakhala mabanja asanu ndi limodzi a lendi, ndipo wolemba wothamanga amangolemba mwini puloti. Lachitatu ndi lodziwika kwa aliyense, loti wotsogolera olemba amayamba ndi makomo a abale ake ndi a chipani chake. Mankhwala ake ndi kupachika mndandanda poyera kuti anthu auone, komanso kukhala ndi nambala yaulere yodandaulirako imene siyidutsa kwa mfumu yomweyo.

Pamene mayina ambiri amagwera ndi pa kutsimikizira. Dzina la m'kaundula liyenera kufanana ndi la pa chiphaso cha unzika, ndipo la pa chiphasocho lifanane ndi limene SIM khadi inalembetsedwera ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba. Kalembera wa 2017 anapatsa Amalawi oposa 9 miliyoni ziphaso, ndipo popanda ntchito imeneyo kulipira pa foni kukanakhala kosatheka. Komabe mayi ambiri amagwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mwamuna, la mwana kapena la mnzake woyandikana naye. Wina pa chiphaso ali ndi dzina la bambo ake, pa foni la mwamuna wake. Wolemba akalakwitsa nambala imodzi yokha, kompyuta imakana kapena ndalama imapita kwa munthu wina. SIM khadi imene yakhala miyezi osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo nambalayo ikhoza kupatsidwa munthu watsopano. Kukonza dzina limodzi lotere kumafuna kumupezanso munthuyo, ndipo wa lendi amene walephera kulipira amakhala atasamuka kale. N'chifukwa chake mabanja ena amene analembedwa bwinobwino sanalandire pa ulendo woyamba.

Ndalama ikalowa m'foni nkhani siinathe. Anthu zikwizikwi a m'dera limodzi akalandira uthenga tsiku limodzi, onse amathamangira kwa maejenti, ndipo ejenti wa pakona amene amasunga ndalama zochepa amauma isanakwane 10 koloko. Mzere umatalika, anthu amapanikizana, zomwe ndi zimene ankafuna kupewa pa mliri. Ena amadulidwa kangachepe kopitirira mtengo wovomerezeka wotapira. Agogo osadziwa kuwerenga amauza ejenti kapena mdzukulu nambala yachinsinsi, ndipo ndalama imachepa m'njira. Akathyali nawo amatumiza mauthenga onamizira kuti ndi a boma, n'kumapempha kandalama kolembetsera. Olinganiza bwino amagawa malipiro m'magulu kwa masiku angapo, amachenjeza makampani a mafoni pasadakhale kuti maejenti akhale ndi ndalama zokwanira, ndipo amawonjezera mtengo wotapira pamwamba pa thandizolo kuti munthu atenge K35,000 yake yathunthu.

Pa ulendo wachiwiri wa Novissi, boma la Togo pamodzi ndi GiveDirectly, bungwe lopereka ndalama mwachindunji kwa osauka, ndi akatswiri a ku University of California, Berkeley anayesa kudumpha ntchito yolemba khomo ndi khomo. Anagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kupeza madera 100 osaukitsitsa, kenako kagwiritsidwe ntchito ka foni kuti aone amene akuoneka wosauka, monga kuchuluka kwa mayunitsi amene amagula. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022 anaonetsa kuti njirayi inkasiya osauka ochepa poyerekeza ndi kungosankha madera, koma inkalakwitsa kwambiri poyerekeza ndi kaundula weniweni wolembedwa bwino. Ndipo wopanda foni, amene nthawi zambiri ndi wosaukitsitsa pa onse, saoneka n'komwe.

Masamu a umphawi

Kuti tione ngati thandizo lachepetsa umphawi, tiyenera kudziwa chimene chikuyezedwa. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 anaika mlingo wa umphawi pa K165,879 pa munthu pachaka, ndipo mlingo wa chakudya chokha pa K101,293. Anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osauka, ndipo 20 mwa 100 ndi osaukitsitsa, osakwanitsa ngakhale chakudya.

Titenge banja la anthu asanu. Kuti lidutse mlingo wa umphawi limafunika pafupifupi K69,000 pamwezi, ndipo chakudya chokha ndi K42,000. Ndalama ya Mtukula Pakhomo pa nthawiyo, tikatenga pakatikati, sinkafika K10,000 pamwezi pa banja. Imeneyi ndi yosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chokha. Banja limene linkapeza zinthu za K30,000 pamwezi likalandira K9,000 limafika pa K39,000. M'mabuku a owerengera likadali losaukitsitsa, ngakhale kuti ana ayamba kudya kawiri patsiku. Pamenepa anthu ambiri amasokonezeka. Amaona kuti chiwerengero cha osauka sichinasunthe n'kunena kuti pulogalamu yalephera, pamene chimene chasintha ndi kuya kwa umphawiwo, mtunda umene banja lili pansi pa mlingo. K35,000 ya m'tauni inali theka la mlingo wa umphawi wa banja lomwelo, ndalama yooneka ndithu, koma ya miyezi 3 yokha pa mliri umene unatenga zaka ziwiri. Ku South Africa R350 inali pansi pa mlingo wa chakudya wa R585 pa munthu pamwezi.

Ofufuza a mapulogalamu otere mu Africa amanena kawirikawiri kuti thandizo liyenera kufika pafupifupi 20 peresenti ya zimene banja limagwiritsa ntchito kuti lisinthe zambiri kuposa chakudya cha lero. Pansi pa mlingo umenewo ndalama imathera pa ufa ndi sopo. Pamwamba pake banja limayamba kugula nkhuku, feteleza, yunifolomu. Kafukufuku wa Mtukula Pakhomo ku Salima ndi ku Mangochi wa 2013 mpaka 2015 anapeza kuti olandira ankadya bwino, ankaweta ziweto zambiri ndipo ana awo ankapita kusukulu kuposa anzawo amene anali asanayambe kulandira. Ku Zambia, kafukufuku wa mapulogalamu awiri a boma, kuphatikizapo ya ana imene inayamba mu 2010 ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa, anapeza kuti pa kwacha iliyonse yolandiridwa mabanja ankagwiritsa ntchito pafupifupi 1.67, chifukwa ndalamayo inkabala kudzera m'munda ndi m'geni. Nkhawa yoti anthu amwera mowa kapena asiya kugwira ntchito yafufuzidwa m'mayiko ambiri ndipo umboni suyigwirizana nayo.

Chenjezo ndi lakuti zotsatira zabwinozo zinapezeka pa nthawi ya mtendere, misika ili yotsegula. Pa mliri, munthu sangayambe geni pamsika wotsekedwa, choncho ndalama imagwira ntchito yotchinga kugwa kusiyana ndi yokweza. Ku Kenya, m'madera a Siaya ndi Bomet kumene GiveDirectly inali itayamba kale kupereka ndalama kwa aliyense m'midzi ina, ofufuza anapeza mu 2020 kuti olandira anavutika ndi njala mocheperapo kuposa osalandira, koma kusiyanako kunali kwapang'ono, ndipo mabizinesi awo anagwa ndi mliri ngati a wina aliyense.

Zikatha

Kafukufuku wa World Bank anapeza kuti ndalama za mliri zinafikira anthu pafupifupi 1.36 biliyoni padziko lonse, koma pulogalamu iliyonse inkakhala miyezi inayi ndi theka tikatenga pakatikati. Brazil inaonetsa bwino chimene chimachitika pamenepo. Ndalama inatsitsidwa kufika 300 reais mu Seputembala 2020, inaima kotheratu kumayambiriro a 2021, n'kudzabwerera mu Epulo ili yochepa kwambiri. Umphawi umene unatsika mu 2020 unakwera mu 2021 kupitirira pamene unali mliri usanayambe. Ku South Africa R350 inatha mu Epulo 2021, ndipo inabwezeretsedwa mu Ogasiti, zipolowe za mu Julaye zitachitika. Yakhala ikuwonjezeredwa nthawi chaka ndi chaka, ndipo mu 2024 inakwera kufika R370.

Kulipira mosadukiza n'kofunika ngati kuchuluka kwa ndalamayo. Mwini golosale amakongoza ufa kwa mayi amene akudziwa kuti alandira pa tsiku lakutilakuti. Malipiro akayamba kudumphadumpha, ngongoleyo imatsekedwa, ndipo mayiyo sangakonze zogula mbewu kapena kulipira fizi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Phala ndi amene sali m'kaundula aliyense

Thandizo lina limene linaduka mwakachetechete ndi chakudya cha kusukulu. Bungwe la WFP, loona za chakudya padziko lonse, linati ana pafupifupi 370 miliyoni padziko anasiya kulandira chakudyacho mu Epulo 2020. M'Malawi, kumene Mary's Meals yokha imadyetsa ana pafupifupi 1 miliyoni, mabungwe anasintha n'kumapereka ufa wa phala kwa makolo kuti akaphike kunyumba. Zinathandiza, ngakhale kuti phala likalowa m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri limagawidwa kwa onse. Sukulu zinadzatsegulidwa pang'onopang'ono kuyambira Seputembala, ndipo kafukufuku wa boma anapeza atsikana pafupifupi 40,000 amene anatenga pathupi ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 pa miyezi imeneyo. Umphawi wobwera chifukwa cha mtsikana wosiya sukulu ali Sitandade 8 suoneka m'ziwerengero za 2020. Udzaoneka pa malipiro ake ndi pa ana ake.

Panalinso Amalawi a ku Joni. Khoti ku South Africa linalamula mu Juni 2020 kuti opempha malo othawirako ndi okhala ndi ziphaso zapadera nawonso alandire R350, koma wopanda mapepala analibe polowera. Ntchito za m'minda ya maluwa, m'malesitilanti ndi m'nyumba zitatha, ambiri anakwera mabasi kubwerera kudzera pa Mwanza, ndipo mu Meyi 2020 mazana a iwo anathawa pa Kamuzu Stadium pamene anawasunga podikira zotsatira za kuyezedwa. Mabanja a ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay amene ankadalira ndalama zotumizidwa anataya thandizo lawo mwezi womwewo, ndipo ambiri sanali pa Mtukula Pakhomo, mwina chifukwa choti nyumba yamalata imene mwana wa ku Joni anamanga inkawaonetsa ngati opeza bwino.

Thumba

Lipoti la World Bank la 2022 linawerengera kuti ndalama zimene maboma anatulutsa zinafafaniza pafupifupi umphawi wonse umene mliri ukanabweretsa m'mayiko olemera, theka m'mayiko apakati otukukirapo, ndipo m'mayiko osauka kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Brazil inatha kukongola m'dziko momwemo. Malawi inayenera kudikira. Pa nthawiyo boma linkalipira Mtukula Pakhomo ndi ndalama zake ku Thyolo kokha, kwina konse n'kumalipira World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Wothandiza aliyense ali ndi malamulo ake ogulira zinthu, owerengera ndalama ndi osainira mapangano, ndipo kusuntha ndalama kuchoka pa ntchito imene inavomerezedwa kupita ku ntchito yatsopano kumatenga miyezi ngakhale onse ali ndi mtima wabwino. Nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19, imene kafukufuku wa owerengera chuma cha boma anapeza mu 2021 kuti ina inathera m'maalawansi ndi m'kugula zinthu mosatsata malamulo, sinathandize kuti othandizawo amasuke. N'koyenera kudziwa kuti ndalama imeneyo inadutsa m'maofesi ngati ndalama yoyendetsera ntchito. Yopita m'foni ya munthu imasiya chizindikiro cha nambala, tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo n'njosavuta kuilondola.

Sikuti boma linalibiretu ndalama. M'bajeti ya 2020/21 linaika pafupifupi K160 biliyoni pa zipangizo zaulimi zotsika mtengo, thumba la feteleza n'kumagulidwa K4,495. Kumeneko kunali kusankha, ndipo kuli ndi zifukwa zake m'dziko la alimi, koma wa kabaza wopanda munda sapindula nako mwachindunji. Kukwera mitengo nako kumadya thandizo ngati silikukwezedwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama imene sinalembedwe m'malamulo kuti izikwera pamodzi ndi mtengo wa chimanga imadikira chifundo cha nduna ndi cha othandiza.

Chimodzi chimene Malawi yayesa kuchokera nthawi imeneyo ndi kuika ndalama padera ndi kugwirizana pasadakhale chimene chidzaitulutse. Ku Blantyre, ku Ntcheu ndi ku Thyolo, mothandizidwa ndi World Bank, anakonza kuti setilaiti ikaonetsa kuti mvula yachepa kufika pa mlingo wakutiwakuti, olandira Mtukula Pakhomo awonjezeredwe ndalama popanda kudikira msonkhano wa othandiza. Njirayi imagwira pa chilala chifukwa mvula imayezeka ndipo mabanjawo ali kale m'kaundula. Kuti igwire pa mliri pafunika chizindikiro china, monga tsiku limene boma latseka misika kapena sukulu, komanso kaundula wa m'tauni amene akukonzedwa nthawi zonse. Mayina amene analembedwa mu 2020 m'malokeshoni a mizinda inayi akukalamba mwezi uliwonse, pamene a lendi akusamuka ndi manambala a foni akusintha, ndipo kuwalembanso kumafuna ndalama m'chaka chimene kulibe ngozi yoti ikakamize aliyense kuzipereka.